Kugogoda kwa pakhomo: nyumba za lendi yotsika, umphawi ndi thanzi la maganizo

Pa moyo wanga panali zaka ziwiri zimene ndinkaopa kumva munthu akugogoda pakhomo. Ntchito inali itatha, ndalama zinkapezeka mwa apo ndi apo, ndipo lendi ndinkalipira mochedwa mwezi ndi mwezi, mpaka mwini nyumba anasiya kundipatsa moni n'kuyamba kungonditumizira mauthenga afupiafupi ondikumbutsa tsiku. Sindinagonepo panja ngakhale usiku umodzi, choncho m'kaundula wa boma lililonse ndikanalembedwa ngati munthu amene ali ndi pokhala. Koma tulo tinandithawa. Ndinkadzidzimuka pakati pa usiku n'kuyamba kuwerengera ndalama zomwe ndinali nditaziwerengera kale madzulo, ndinkapsa mtima ndi tinthu topanda pake, ndipo anzanga ndinayamba kuwazemba chifukwa funso loti zikuyenda bwanji ndinalibe nalo yankho. Nthawi imeneyo sindinkaona kuti ndikudwala, ndinkangoti ndili ndi mavuto a ndalama. Zinthu zitasintha n'kupeza nyumba imene ndinkatha kuilipira popanda kukongola, tulo tinabwerera mlungu woyamba womwewo, ngakhale kuti nyumba yatsopanoyo inali yaing'ono ndiponso yakale kuposa yoyamba ija.

Kuyambira pamenepo ndimatchera khutu anthu akamakambirana za nyumba za lendi yotsika, zimene boma, khonsolo ya mzinda kapena mabungwe osafuna phindu amamangira anthu opeza zochepa. Pali mfundo imodzi imene imanenedwa kawirikawiri, ndipo ndi yoona: m'mayiko ambiri olemera, anthu okhala m'nyumba zoterezi amapezeka ndi matenda ovutika maganizo, nkhawa ndi matenda ena aakulu a maganizo mochuluka kuposa anthu okhala m'nyumba zawozawo. Chimene chimandivuta ndi liwiro limene ena amathamangira nalo kunena kuti nyumbazo ndi zimene zimadwalitsa anthu, kapenanso, monga amanenera onyoza, kuti kumeneko kunadzaza anthu osokonezeka ndi aulesi. Ku chipatala kumapezeka odwala ambiri kuposa kumsika, koma palibe wanzeru amene amati chipatala ndicho chinawadwalitsa.

Funso la chimene chimayamba pakati pa umphawi ndi matenda a maganizo ndi lakale. M'chaka cha 1939, Robert Faris ndi Warren Dunham anasindikiza zimene anapeza atatenga maadiresi a anthu ogonekedwa m'zipatala za odwala maganizo ku Chicago, m'dziko la America, n'kuwaika pa mapu a mzindawo. Anaona kuti ambiri odwala matenda aakulu a maganizo otchedwa schizophrenia ankachokera m'madera osauka a pakati pa mzinda, kumene anthu ankachita lendi kachipinda kamodzi, osadziwana ndi oyandikana nawo, ndipo chiwerengerocho chinkachepa munthu akamapita kumadera a kunja kwa mzinda. Iwo anati moyo wa m'madera amenewo, makamaka kusungulumwa, ndi umene unkadwalitsa anthu. Ena anawatsutsa ponena kuti munthu akayamba kudwala amataya ntchito, banja limasokonekera, ndipo amatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukafika kumene lendi ndi yotchipa. Masiku ano akatswiri ambiri amavomereza kuti njira zonse ziwirizi zimachitika, ndipo nthawi zambiri zimachitika mwa munthu mmodzi yemweyo: umphawi umabala nkhawa, nkhawayo imafooketsa munthu pa ntchito, ndalama zimacheperachepera, ndipo nkhawa imakula.

Palinso njira yachitatu imene imaiwalika, ndipo ndi ya malamulo a kagawidwe ka nyumba. Chitsanzo cha Britain chimaonetsa bwino zimenezi. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pafupifupi banja limodzi mwa mabanja atatu alionse linkakhala m'nyumba ya khonsolo, ndipo mwa iwo munali ogwira ntchito m'mafakitale, oyendetsa mabasi, anamwino ndi ena otero. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa lamulo lolola anthu kugula motchipa nyumba za khonsolo zimene ankakhalamo. Ku England kokha nyumba pafupifupi 2 miliyoni zagulitsidwa kuchokera nthawi imeneyo, zambiri mwa izo zabwino kwambiri, ndipo zomangidwa m'malo mwake zinali zochepa. Nyumba zitachepa, makhonsolo anayamba kuzipereka poyamba kwa amene ali pa mavuto aakulu: osowa pokhala, olumala, odwala nthawi yaitali, othawa nkhanza za m'banja. Pochitira chifundo ovutikitsitsa, dongosololi linasonkhanitsa pamalo amodzi anthu amene moyo unali utawapweteka kale, ndiye wofufuza akabwera n'kupeza odwala maganizo ambiri m'nyumbazo, mbali yaikulu ya zimene wapezazo ndi chithunzi cha mndandanda wa odikira. Ku Vienna, likulu la dziko la Austria, zinthu zinayenda mwa mtundu wina. Khonsolo ya mzindawo ili ndi mafulati pafupifupi 220,000, inayamba kumanga m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero pafupifupi theka la anthu a mumzindawo amakhala m'nyumba za khonsolo kapena za mabungwe othandizidwa ndi boma. Malire a ndalama zimene munthu ayenera kupeza kuti alandire nyumba ndi okwera, moti anthu ambiri wamba amaloledwa, ndipo malipiro ako akakwera sakutulutsa. Adiresi ya munthu wa kumeneko siulula kuti ndi wosauka, ndipo manyazi amene amamatirira nyumba za boma m'mayiko ena kumeneko ndi ochepa.

Komabe sindikufuna kuti mfundo ya kagawidweyi ibise zoti umphawi weniweniwo umadwalitsa. Umboni umene ndimaukhulupirira kwambiri ndi umene unapezeka mwangozi ku North Carolina, m'dziko la America. Jane Costello ndi anzake ankatsatira ana 1,420 chaka ndi chaka kuyambira mu 1993, ndipo gawo lina la anawo anali a mtundu wa Cherokee, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America. Kafukufukuyo ali mkati, mtunduwo unatsegula nyumba ya juga n'kuyamba kugawa phindu lake kwa anthu ake onse, olimbikira ndi aulesi omwe, odwala ndi athanzi omwe. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2003 zinaonetsa kuti m'mabanja amene ndalamazo zinawatulutsa mu umphawi, mavuto a khalidwe mwa ana, monga ndewu ndi kusamvera, anatsika mpaka kufanana ndi a ana amene sanasaukepo. Chimodzi mwa zimene zinasintha chinali chakuti makolo anayamba kupeza mpata woyang'anira ana awo. Zizindikiro za nkhawa ndi kuvutika maganizo mwa anawo sizinasinthe kwenikweni pa nthawi imeneyo, ndipo zimenezi ndi zofunika kuzinena, chifukwa ndalama sizichiza chilichonse nthawi imodzi.

Nanga nyumba yeniyeniyo, makoma ake, denga ndi pansi pake, imalowa bwanji m'maganizo a munthu? Nkhani imene ndimaikonda pa funso limeneli ndi ya ku Mexico. Cha m'ma 2000, boma la chigawo cha Coahuila linayamba ntchito yotchedwa Piso Firme, yothira simenti pansi m'nyumba za anthu osauka zimene pansi pake panali dothi. Ofufuza anayerekeza mabanja a mumzinda wa Torreón, amene analandira simentiyo, ndi mabanja ofanana nawo a m'mizinda yoyandikana nayo ya Gómez Palacio ndi Lerdo, imene ili m'chigawo cha Durango kumene ntchitoyo inali isanafike. Zimene aliyense ankayembekeza zinachitikadi: ana anasiya kudwaladwala njoka za m'mimba ndi kutsegula m'mimba, vuto la kuchepa kwa magazi linatsika, ndipo anayamba kuchita bwino pa mayeso oona kakulidwe ka nzeru. Koma panapezekanso kuti amayi a anawo anali ndi zizindikiro zochepa za kuvutika maganizo ndi kupanikizika. Palibe dokotala wa maganizo amene anawayendera, palibe mankhwala amene anapatsidwa, ndipo ndalama zimene mabanjawo ankapeza sizinakwere. Ine ndimaona kuti nkhaniyi ndi yosavuta kuimvetsa kwa aliyense amene anasamalirapo mwana wodwaladwala. Mayi amene amasesa m'mawa ndi madzulo koma nyumba osaoneka kuyera, amene mwana wake akukwawa pa dothi n'kumadwala mwezi uliwonse, amayamba kudziona ngati wolephera, ndipo maganizo amenewo amamudya tsiku ndi tsiku ngakhale sawatchula dzina. Simentiyo inachotsa ntchito yosatha ndi mlandu umene mayiyo ankadziimba yekha.

N'chimodzimodzi ndi chinyezi, kuzizira, phokoso ndi kuthithikana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu malangizo ake a za nyumba ndi thanzi a mu 2018, linaika kuthithikana m'gulu la zinthu zimene maboma ayenera kuchepetsa, ndipo linati m'mayiko ozizira kutentha kwa m'nyumba kusamatsike kupitirira madigiri 18. M'nyumba imene anthu asanu ndi awiri akugona m'zipinda ziwiri mulibe poti munthu akalire payekha, mwana wa sukulu alibe powerengera, ndipo mkangano wa anthu awiri umakhala wa banja lonse.

Koma chimene ndinaphunzira m'zaka ziwiri zija n'chakuti choopsa kuposa khoma long'aluka ndi kusadziwa ngati mwezi wa mawa udzakhala uli m'nyumba yomweyo. Apa ndi pamene nyumba za lendi yotsika, zikamayendetsedwa bwino, zimaposa nyumba za anthu ochita malonda, chifukwa lendi yake siikwera mwadzidzidzi ndipo munthu satulutsidwa popanda mlandu. Kwa zaka zambiri mabungwe othandiza anthu ogona m'misewu amene akudwalanso maganizo ankatsata dongosolo la makwerero: uyambe wasiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, uzimwa mankhwala a kuchipatala mokhulupirika, ukhale kaye m'nyumba yogona anthu ambiri moyang'aniridwa, ndipo ukapambana zonsezi ndi pamene udzapatsidwe nyumba yako. Ambiri ankagwa pa khwerero loyamba kapena lachiwiri n'kubwerera mumsewu. Mu 1992, katswiri wa za maganizo Sam Tsemberis anayambitsa ku New York njira yotembenuza dongosololi, imene imadziwika kuti Housing First. Munthu amapatsidwa kiyi wa fulati yake poyambirira penipeni, amalipira gawo la ndalama zimene amapeza, ndipo thandizo la chipatala limamutsatira kumeneko ngati walifuna, popanda kumuopseza kuti akalikana alandidwa nyumba. Pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse anakhazikika m'nyumba zawo, anthu omwe ambiri ankati sangathe kusunga nyumba. Dziko la Finland linatenga njira imeneyi kukhala ndondomeko ya boma mu 2008, ndipo chiwerengero cha anthu osowa pokhala kwa nthawi yaitali chinatsika kupitirira theka.

Ndiyenera kunena chilungamo pa mbali imene okonda njira imeneyi sakonda kuitchula. Ku Canada anaiyesa mosamala kuyambira mu 2009 mpaka 2013 m'mizinda isanu, Vancouver, Winnipeg, Toronto, Montreal ndi Moncton, pa anthu pafupifupi 2,000 amene anagawidwa mwa mayere m'magulu awiri, lina lolandira nyumba pomwepo ndi lina lotsala ndi thandizo la masiku onse. Olandira nyumba anakhazikika kwambiri kuposa anzawo, koma zizindikiro za matenda awo ndi kamwedwe kawo zinasintha mofanana ndi za gulu linalo. Ena anatenga zimenezi ngati kulephera. Ine sindiona choncho, chifukwa munthu amene wadwala schizophrenia zaka 15 sangachire chifukwa cha kiyi, ndipo palibe amene anayenera kulonjeza zimenezo. Chimene anapeza ndi chitseko chotseka, malo osungira mankhwala ake osabedwa, ndi adiresi imene namwino angamupezepo Lachiwiri likudzali. Munthu wathanzi sauzidwa kuti aonetse kaye khalidwe labwino asanaloledwe kugona m'nyumba, ndipo sindimvetsa chifukwa chake wodwala ayenera kukhoza mayeso amene athanzife sitinalembepo.

Malo amene nyumba yamangidwa nawonso ali ndi mbali yake, ndipo nkhani yake ndi yosokoneza kuposa mmene ndinkaganizira. Pakati pa 1994 ndi 1998, boma la America linachititsa mayere pakati pa mabanja pafupifupi 4,600 okhala m'nyumba za boma za m'madera osaukitsitsa a Baltimore, Boston, Chicago, Los Angeles ndi New York. Ena anapatsidwa makuponi olipirira lendi oti akagwiritse ntchito m'madera amene osauka ndi ochepa, ena makuponi opita nawo kulikonse, ndipo ena anatsala mmene analili. Ambiri mwa mabanjawo ankatsogoleredwa ndi amayi, ndipo chifukwa chachikulu chimene ankapereka chofunira kusamuka chinali kuthawa magulu a zigawenga ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo. Patapita zaka 10 mpaka 15, malipiro a akuluakulu amene anasamuka sanasiyane ndi a otsala, chinthu chimene chinakhumudwitsa okonza ntchitoyo, koma maganizo awo anali opepukirapo ndipo ankati akusangalala ndi moyo kuposa anzawo aja. Kugona osamva mfuti ndi kutuma mwana osachita mantha zinali ndi phindu limene silinaoneke pa malipiro. Atsikana nawonso anapindula, mwina chifukwa chochoka m'malo amene ankavutitsidwa ndi amuna mumsewu. Anyamata ndi amene zinawavuta, moti kafukufuku wina wa mu 2014 anapeza kuti anyamata a m'mabanja osamukawo anali ndi kuvutika maganizo ndi mavuto a khalidwe ochuluka kuposa otsala. Mnyamata wosauka akafika m'dera la anthu opeza bwino amaonedwa ngati wokayikitsa, amasiya anzake ndi amuna achikulire amene ankamudziwa, ndipo palibe amene amamulandira.

Zimenezi zimandikumbutsa zimene Marc Fried analemba mu 1963 atacheza ndi anthu a ku West End, dera la anthu osauka la mumzinda wa Boston limene linagwetsedwa lonse pofuna kukonza mzinda. Akuluakulu a mzinda ankaona nyumba zakutha zofunika kuchotsa. Okhalamo ankaona mlongo wawo ali pa khomo lachitatu ndi mnansi amene amasiyira mwana akamapita ku ntchito. Fried anapeza kuti pafupifupi theka la amayi amene anasamutsidwa anali ndi chisoni chachikulu chofanana ndi cha munthu woferedwa, ena mpaka zaka ziwiri. Munthu wosauka chuma chake chachikulu ndi anthu amene amamudziwa, amene angamubwereke pang'ono kapena kuona kuti lero sanatsegule chitseko. Boma likamanga nyumba zokongola kutali ndi ntchito ndi abale, monga zinachitikira ndi nyumba zambiri za anthu osauka, zotchedwa RDP, zimene South Africa inamanga m'mphepete mwa mizinda kuyambira mu 1994, limapereka denga n'kulanda zina zimene sizilembedwa mu lipoti, ndipo wolandira nyumbayo amathera ndalama ndi maola pa ulendo wa ku ntchito.

Chomaliza chimene chimandikhudza, ndipo mwina ndi chimene chimapweteka kwambiri, ndi kusamvedwa. Munthu wolemera denga likadontha amaitana mmisiri, ndipo mwini nyumba akamuvuta amasamuka. Wokhala m'nyumba ya lendi yotsika alibe kopita, chifukwa ku England kokha mabanja oposa 1 miliyoni ali pa mndandanda wodikira nyumba zoterezi, ndiye chimene angachite ndi kulemba kalata, kuimba foni ndi kudikira. Mu Disembala 2020, mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale, tauni ya ku England, ndipo mu Novembala 2022 woweruza wofufuza za imfayo anagamula kuti chinamupha ndi nkhungu yakuda imene inamera m'makoma a fulati imene banja lake linkachita lendi ku bungwe la nyumba zotchipa. Bambo ake anayamba kudandaula za nkhunguyo mu 2017, ndipo ogwira ntchito ku bungwelo ankaganiza kuti vuto ndi kakhalidwe ka banjalo. Imfa imeneyi inachititsa kuti mu 2023 pakhale lamulo lokakamiza eni nyumba zoterezi kukonza zinthu zoopsa pa nthawi yoikika. Ku London, anthu okhala m'nyumba yosanja ya khonsolo yotchedwa Grenfell Tower anachenjeza poyera mu Novembala 2016 kuti madandaulo awo a za chitetezo adzamveka pokhapokha kutachitika ngozi yoopsa. Pa 14 Juni 2017 nyumba yosanja ka 24 ija inapsa ndipo anthu 72 anafa.

Nkhani ziwirizi zinamveka chifukwa munali imfa. Zimene sizimveka ndi za anthu ochuluka amene sanafe, amene amauzidwa chaka ndi chaka kuti azitsegula mawindo ndi kupukuta khoma, amene foni yawo imadulidwa asanamalize kufotokoza, mpaka amayamba kukhulupirira kuti kulankhula kwawo kulibe ntchito. Akatswiri a za maganizo anaona kalekale kuti munthu akayesa mobwerezabwereza kusintha zinthu koma osaphula kanthu, amasiya kuyesa, ndipo kusiya kumeneko kumafanana kwambiri ndi matenda ovutika maganizo. Munthu wotere akapita ku chipatala n'kunena kuti sakugona ndipo alibe mphamvu, dokotala amachita zimene angathe, amamulembera mankhwala, mwinanso kumulembera kalata yopita kwa eni nyumba. Kenako munthuyo amabwerera ku chipinda chomwe chija, n'kumwa piritsi lake atayang'ana khoma lonyowa lomwe lija.

M'zaka ziwiri zanga zija palibe amene anandifunsa za nyumba. Nditapita kukadandaula za kusowa tulo, anandifunsa ngati ndimamwa mowa, ngati kwathu kuli amene anadwalapo maganizo, ndiponso ngati ndimachita masewera olimbitsa thupi, ndipo zonsezi ndinayankha moona. Funso loti lendi ya mwezi uno mwalipira kapena ayi silinali pa fomu imene ankalembapo, ndipo inenso sindinaganize zolitchula, chifukwa ndinkaona ngati nkhani ya lendi si yokambira dokotala.